Ndizigulitsa pampu yokha kapena ndiziphatikiza ndi kukonza? Thandizeni nzeru

Sola_wa_Lizulu:
Moni nonse a pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandizunguza mutu chiyambire mwezi watha. Ine ndili ndi kashopu pa Lizulu, ndimagulitsa mapampu a sola othirira kudimba, masipuleya, mapaipi ndi tina n'tina ta alimi. Pampu phindu lake ndi lochepa kale chifukwa komwe ndimakaoda ku Lilongwe mtengo sukhala malo amodzi, ndiye munthu akagula sipatha masabata atatu foni yayamba kulira, "bwana pampu yanu ija sikukoka madzi". Pampu YANU eti! Ndalama anandipatsa kale, lisiti ndinalemba, koma ikadali yanga. Ndiye ndimatseka shopu, kukwera njinga yamoto, petulo wanga, kukafika kumunda n'kupeza ndi matope chabe atseka kasefa ka kunsonga kwa paipi, kapena munthu wayika panelo pansi pa mtengo wa pichesi pamthunzi penipeni ati kuopa ingatenthe ndi dzuwa. Ndikakonza n'kunena kuti mundiganizireko ya petulo, nkhope imagwa ngati ndamutukwanira amayi ake.

Ndiye ndikuganiza ziwiri. Mwina ndikweze mtengo koma mkati mwake mukhale kukayika pampu kumunda ndi kukayiona kangapo. Apo ayi ndisiye kugulitsa, mapampu akhale anga ndizingobwereketsa pa tsiku kapena pa sabata. Amene munayesapo geni yophatikiza katundu ndi ntchito chonchi, zimayenda? Mtengo mumaupanga bwanji osathawitsa anthu?

Kachewere_Boy:
Mwawazoloweretsa nokha achimwene. Ulendo woyamba munapita ulele uja ndi umene unawononga zonse.

Sola_wa_Lizulu:
Ndikanakana bwanji aise, woyamba kundiyimbira anali mkulu wa mpingo wathu kkkk

Kachewere_Boy:
Basitu, walira mvula walira matope.

Mayi_Saluni_Ntcheu:
Achimwene ine za mapampu sindizidziwa koma vuto lanulo ndinakumana nalo pa saluni. Poyamba ndinkangoluka basi, anthu amabwera ndi meshi yawo yogula kumsika, ina yoipa yolimba ngati chingwe cha khonje, ndiluke tsiku lonse zala kutupa, pakatha masiku anayi yayamba kufumuka, mlandu wa ine kuti sindidziwa kuluka. Ndinayamba kuoda meshi ndekha. Panopa meshiyo ndimagulitsa pafupifupi mtengo womwe ndinagulira, ndimangowonjezerapo pang'ono ya thiransipoti, phindu langa lili pa manja angawa. Wobwera ndi meshi yake ndimamulukabe koma mtengo wa manja umakwera, ndipo ndimamuuziratu kuti ikafumuka asabwerere kwa ine. Wogula kwa ine akabwera pasanathe sabata ndimamukonzera kutsogoloku ulele. Ndiye funso langa kwa inu ndi lakuti kodi phindu lanu mukufuna likhale pa pampu kapena pa manja anu? Panopa mukuoneka ngati mukudya pa pampu pang'ono kenako manja anu akudyanso kapang'ono komweko mpaka kutha.

Wa_Tsangano:
Zobwereketsazo iwalani madala. Inu muli pa Lizulu, msewu wa M1 womwewo ndiye malire, munthu angowoloka tala ali ku Mozambique. Mubwereketse pampu Lolemba, Lachitatu ikuthirira kabichi ku Angonia, mukaitsata bwanji? Ine jenereta yanga inapita choncho, anabwereka ati ndi ya ukwati wa masiku awiri, mpaka lero ukwatiwo sunathe.

Dedza_Ziii:
Kkkkk ukwati wa zaka zitatu

Akawunti_wa_paBoma:
Ndilankhuleko motalika pang'ono, mundikhululukire. Zomwe mukuganizazi si zachilendo, makampani akuluakulu anadutsa momwemo. Xerox itatulutsa makina ake ojambula mapepala mu 1959, makinawo anali odula kwambiri moti maofesi ambiri sakanakwanitsa kugula, ndiye anayamba kuwabwereketsa, ofesi imalipira pamwezi komanso molingana ndi kuchuluka kwa mapepala omwe yajambula, kukonza kunali kwa eni makina. Rolls-Royce, yopanga mainjini a ndege, nayonso makampani ambiri a ndege imawalipiritsa pa ola lililonse lomwe injini yauluka, injini ikakhala pansi yowonongeka iwo ndalama sizilowa.

Chomwe ndikufuna muone apa ndi momwe mtima wa wogulitsa umatembenukira. Ukamangogulitsa katundu, chinthu chikawonongeka kwa iwe ndi mwayi, munthu abwera kudzagula china kapena sipeya. Ukamagulitsa ntchito ya chinthucho, kuwonongeka ndi luzi yako, ndiye umayamba kusankha katundu wolimba, umayamba kuphunzitsa kasitomala bwinobwino chifukwa umbuli wake ukudya thumba lako. Inuyo a Sola panopa muli pakati pa ziwirizi ndipo mwatenga zoipa za mbali zonse: mukulandira ndalama kamodzi ngati wogulitsa katundu, koma mukusenza udindo ngati wobwereketsa.

Koma chenjezo. Kubwereketsa kumafuna mpamba wonenepa. Pampu iliyonse yomwe ili kumunda kwa munthu ndi ndalama zanu zagona panja, zimabwerera pang'onopang'ono miyezi yambiri, pomwe mukagulitsa mawa lomwelo mukaodanso ina. Ndiye musanasankhe khalani pansi ndi kope, muwerenge maulendo onse omwe mwayenda chaka chino, petulo, ndi maola omwe shopu inali yotseka. Nambala imeneyo ndi imene ikuuzeni zoti muwonjezere zingati pa mtengo.

Kachewere_Boy:
Ife tikukamba za dimba la tomato pa Lizulu, bwana akawunti atikweza ndege kkkk

Akawunti_wa_paBoma:
Sekani koma nzeru yake ndi imodzimodzi ndi ya kabaza amene mwakwera lero. Simunagule njinga, munagula kufika.

Mpopi_wa_Bembeke:
Apa ndiye pandikhudza. Ine ndinayamba ngati inu, kugulitsa mankhwala a mbewu ndi masipuleya. Alimi a kachewere kuno mukudziwa mdani wawo ndi chiwawu, makamaka kukachita chifunga ndi kamvula kowaza kaja masiku angapo motsatizana, munda wonse masamba kuda ngati wawauka ndi moto. Ndimagulitsa Dithane, munthu akapita kwawo pofuna kuti akwanire munda wonse amathira kasupuni kamodzi m'malo mwa muyezo wolembedwa, madzi otuwa chabe, chiwawu chikalowa amabwera kudzalalata pashopu kuti ndinamugulitsa ufa wa chinangwa. Wina amadikira mpaka matenda aoneke kaye ndiye adzagule, pamene mankhwala amenewo ntchito yake ndi kuteteza, si kuchiza masamba ofa kale.

Ndinatopa nazo. Ndinatenga anyamata awiri, ndinawagulira magambuti, magolovesi ndi zotseka kukamwa, ndinawaphunzitsa muyezo. Panopa mlimi akafuna, amalipira pa sipuleya imodzi ya malita 16, mankhwala anga, mpopi wanga, iye amangotunga madzi n'kuimirira kuwerenga masipuleya. Mankhwala ndimagulitsabe kwa ofuna kudzipopera okha koma ndalama yeniyeni panopa ikuchokera kopopera, ndipo mankhwala akutuluka ambiri kuposa kale chifukwa tikuthira muyezo wokwanira.

Koma musaganize kuti ndi zokoma zokhazokha. Chaka chatha tinapopera munda wa mayi wina m'mawa, cha m'ma 11 mvula yamphamvu, mankhwala onse kukokoloka. Mayiwo ati mubwerezenso ulele, ine ndikuti mvula sindinaitume ndine. Tinakangana mpaka kwa amfumu. Amfumu anagamula kuti tigawane, iwo agule mankhwala ine ndipereke mpopi. Kuchokera tsiku limenelo ndimanena poyambirira penipeni, pamaso pa mboni, kuti ikagwa mvula tsiku lomwelo tidzatere. Zinthu zomwe simunagwirizane poyamba ndi zimene zimadzakudyani.

Sola_wa_Lizulu:
A Mpopi zikomo kwambiri, izi ndiye ndimafuna kumva. Anyamatawo mumawalipira pa mwezi kapena bwanji? Ndimaopa kulemba munthu kenako mwezi wopanda ntchito ndimulipirebe.

Mpopi_wa_Bembeke:
Pa sipuleya iliyonse ali ndi gawo lawo. Kulibe ntchito, kulibe malipiro, iwonso ali ndi minda yawo. Kungoti muziwayang'anira, mmodzi ndinamugwira akuchepetsa mankhwala n'kumagulitsa otsalawo mwamseri. Panopa ndimayeza ndekha kushopu n'kumanga m'timapepala, kapepala kamodzi sipuleya imodzi.

Wa_Tsangano:
Komatu a Bembeke mukupopera chiyani kumeneko, kachewere weniweni ali ku Tsangano. Wanu uja ndi timiyala kkkk

Mpopi_wa_Bembeke:
Iiii mwayamba. Funsani okazinga chipisi ku Lilongwe akuuzani.

Wa_Tsangano:
A ku Blantyre amadikira wa kwathu pa Tsangano turn off mpaka usiku. Likanakhala kuti si vuto la msewu nthawi ya mvula bwenzi inu musakugulitsa olo thumba limodzi.

Dedza_Ziii:
Nonse awiri theka la kachewere mukunyadirayo amachokera tsidya lina kwa anzathu a meticais, tisanamizane apa.

NaChisale_wa_Mphate:
Abale nkhani ya pampu ija yathera pa chipisi? Mwini funso akudikira.

Mlimi_Wamba:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndaona kuti onse olankhula ndi ogulitsa, ndiye ife ogula tikuoneka ngati anthu ovuta okonda zaulele. Imvaninso mbali yathu. Ine ndinagula pampu ya sola pashopu ina, sinditchula. Ndinagulitsa nkhumba ziwiri kuti ndikwanitse. Mnyamata wa pashopu anangondipatsa katoni, kabuku kake kali m'chizungu ndi chitchaina, ndimufunse kuti nanga ndikalumikiza bwanji ati "n'zosavuta madala, wofiira kwa wofiira wakuda kwa wakuda". Palibe anandiuza kuti pampu isamayende popanda madzi. Chitsime changa cha kudimba chimaphwa masana mwezi wa October, ine ndili kumbali ndikupalira anyezi, pampu ikungolira pouma mpaka inapsa. Kubwerera kushopu ati waranti sikhudza zimenezo, mwawononga nokha. Nkhumba ziwiri zinapita choncho.

Ndiye a Sola, mukamati mlimi wayika panelo pamthunzi, ndani anamuuza kuti asatero? Ife ndalama yowonjezera sitikana ngati tikudziwa kuti munthu abweradi. Chomwe timakana ndi kulipira kawiri chinthu chomwe timaganiza kuti tinalipira kale. Mukanena pogula pomwepo kuti iyi ndi ya pampu, iyi ndi yodzakuyikirani ndi kukuphunzitsani, ine ndikhoza kulipira ndi mtima woyera. Koma mukabwera mwakachetechete ngati mukuthandiza kenako pomaliza muzvekere "ya petulo", zimamveka ngati mwanditchera msampha.

Mayi_Saluni_Ntcheu:
Bambo awa anena zoona zokhazokha.

Sola_wa_Lizulu:
A Mlimi_Wamba mwandilasa koma ndavomera. Kunena zoona nanenso ambiri ndimangowafotokozera pakauntala mothamanga, makamaka tsiku la msika anthu ali mbwee. Pepani ndi nkhumba zanuzo.

Kachewere_Boy:
Ine ndikutsutsabe. Mukakweza mtengo anthu athawira kwa mnzanu wapafupi amene akugulitsa katoni yokha motchipa. Mmalawi amayang'ana mtengo basi. Kenako ikawonongeka abwera kwa inu kuti muwakonzere pampu yogula kwina.

NaChisale_wa_Mphate:
Nde akabwera ndi pampu yogula kwina si kasitomala ameneyo? Amulipiritse mokwanira. Mwinanso geni yeniyeni ili pompo, kukonza mapampu a mashopu onse amene safuna kutuluka panja.

Kachewere_Boy:
Hmm apo mwina.

Gogo_wa_Chigayo:
Ana inu mukuvutika ndi nkhani yomwe ife a zigayo tinaimaliza kalekale. Ndani m'mudzi anagulapo chigayo choti azigayira banja lake lokha? Palibe. Munthu amabwera ndi chimanga chake, amalipira pa ndowa, amanyamula ufa, makina amatsala ndi ine. Sindinabwereketsepo chigayo kwa munthu kuti apite nacho kwawo. Ndiye a Tsangano akamati pampu idzawoloka malire, n'chifukwa mukuganiza zopereka pampu m'manja mwa munthu. Bwanji mnyamata wanu apite nayo yekha, athirire, alandire ndalama, madzulo abwere nayo? Mukugulitsa madzi pamenepo, pampu sikuchoka m'manja mwanu.

Koma ndikuuzeni chowawa cha geni yotere. Tsiku lomwe makina aima, anthu sakumvera chifukwa. Magetsi akazima, amayi ali pamzere ndi ndowa zawo kuyambira m'mawa, amatukwana ine osati kwina kulikonse. Ndinachita kugula injini ya dizilo yapadera chifukwa cha zimenezo. Wogulitsa ntchito sadwala, sapita kumaliro, alibe tchuthi. Tomato wa munthu akafota chifukwa mnyamata wanu sanabwere tsiku lake, mudzalipira tomatoyo ndinu.

Ndipo china, pa chigayo ndalama ina imabwera ndi madeya. Ena amawasiya kapena kundigulitsa motchipa, ine n'kugulitsa kwa oweta nkhumba. Pa geni yanuyo muyang'ane madeya ake ali pati. Mwina ndi mapaipi, mwina ndi mbewu, chifukwa amene akuthirira amafunanso mbewu ya kabichi ndi feteleza.

Dedza_Ziii:
Agogo atsegula kalasi ulele kkkk ulemu wanu

Sola_wa_Lizulu:
Agogo nzeru imeneyo ndaikonda koma mapanelo ndi olemera komanso ndi galasi, kuyenda nawo tsiku ndi tsiku pa njinga m'misewu yathuyi asweka pasanathe mwezi. Mwina zingatheke pamalo pomwe madimba ali ambiri motsatizana m'dambo limodzi, n'kusunga zipangizo panyumba ya munthu mmodzi wodalirika pafupi.

Ejenti_wa_Sola:
Ine ndinagwirapo ntchito ngati ejenti wa kampani ina yogulitsa masola a m'nyumba olipira pang'onopang'ono. Njira yake inatchuka kwambiri ku Kenya ndi M-KOPA, kuno nakonso makampani angapo akuchita. Munthu amapereka kandalama koyamba, amatenga sola, kenako amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, akapanda kulipira chipangizo chimadzitseka chokha mpaka alipire, akamaliza ngongole chimakhala chake. Chinsinsi chonse chili pa kutsekako. Inuyo a Sola mapampu anu alibe loko wotero, ndiye mukapereka pangongole mukudalira chikumbumtima cha munthu basi.

Komanso ngakhale ndi loko yemweyo mavuto analipo. Sola ikavuta pang'ono munthu amasiyiratu kulipira, ati ndilipirenji chinthu chosayaka, ndiye ngati wokonza achedwa sabata ziwiri ngongole yafa kale. Ndinaphunzira kuti pa geni yolipira pang'onopang'ono wokonza ndi amene amatolera ndalama, osati wogulitsa. Ndipo miyezi ya January ndi February musayembekezere zambiri, anthu ndalama zonse zili ku feteleza ndi chakudya.

Akawunti_wa_paBoma:
Ndiwonjezere pa za mitengo. Mukalonjeza kuti mudzayendera munthu chaka chonse pa mtengo womwe mwalandira lero, mwabetcha ndi Kwacha. Kumbukirani November 2023 ndalama inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, May 2022 inali itagwanso ndi 25 peresenti. Amene anali atalandiriratu ndalama za sevisi ya chaka anapezeka akugula masipeya ndi petulo pa mtengo watsopano ndi ndalama yakale. Ndiye lonjezo lanu likhale lalifupi, nyengo imodzi ya dimba, tinene kuyambira May mpaka mvula yoyamba, ndipo likhale la maulendo owerengeka. Musalembe kuti "tidzakonza ikavuta", lembani kuti maulendo awiri. Masipeya akhale apadera pa mtengo wa tsiku limenelo.

Wa_Tsangano:
Kapena azilandira matumba a kachewere m'malo mwa ndalama, thumba siligwa ndi 44 peresenti.

Mpopi_wa_Bembeke:
Limagwa kuposa pamenepo nthawi yokolola aliyense akatulutsa wake kkkk. Ndinayesapo, ndinatsala ndi matumba akumera m'nyumba, mkazi wanga mpaka lero amandiseka nazo.

NaChisale_wa_Mphate:
Ine maganizo anga ndi a magulu. Kwathu kuno amayi a banki m'khonde anasonkha n'kugula pampu imodzi anthu asanu ndi atatu, amasinthana masiku. Mukamagulitsa ku gulu chonchi ulendo umodzi mwaphunzitsa anthu ambiri, ndipo musankhepo wachinyamata mmodzi wochangamuka mumuonetse kutsuka kasefa, kuona mawaya, kupukuta fumbi pa panelo. Zing'onozing'ono azithana nazo yekha, inu muzingoyitanidwa pa zazikulu. Ambiri ali ndi WhatsApp masiku ano, akujambulireni kavidiyo muone vuto musananyamuke. Kungoti pagulu pamakhalanso zake, pampu ikawonongeka tsiku la mayi uje onse amaloza iyeyo, ndiye muziwauza asungiretu kandalama ka zokonzera m'bokosi mwawo momwemo.

Kachewere_Boy:
Chinthu cha gulu chilibe mwini mayi. Mudzaiona pampuyo pakatha chaka.

NaChisale_wa_Mphate:
Chaka chachiwiri chino ikugwirabe ntchito achimwene. Amayi akasonkha ndalama yawo amaisamala kuposa mmene inu mumasamalira foni yanu yosweka sikirini ija.

Kachewere_Boy:
Mwaidziwa bwanji foni yanga kkkkk

Mphunzitsi_Opuma:
Ine ndikuchenjezeni mbali ina. Mwapatsidwa nzeru zambiri apa, kugulitsa, kuyika, kukonza za ena, kugulitsa madzi, mbewu, magulu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Muli nokha ndi njinga imodzi. Mukakhala kumunda shopu yatseka, mukakhala kushopu kumunda akudikira. Onani a Dedza Pottery, lero pali malo odyera ndi ogona alendo koma chomwe chimaimitsa galimoto pamenepo ndi makapu ndi mbale zomwe amaumba, zinazo zimatsamira pa chimenecho. Inunso gwirani chimodzi chomwe anthu azikudziwani nacho, zina zibwere pambuyo mukapeza munthu wokhala pakauntala.

Sola_wa_Lizulu:
Ndabweranso. Usiku ndinachita zomwe ananena a Akawunti, ndinatenga kope ndi foni kuwerenga maulendo. Kuyambira April ndayenda maulendo 17 okaona mapampu. Pa amenewo atatu okha ndi omwe pampu inalidi ndi vuto lochokera kufakitale. Ena onse ndi matope, mthunzi, waya wolumikiza mopotoka, paipi yoboola, ndipo umodzi ndinapeza mbuzi yatafuna waya. Ndiye a Mlimi_Wamba ananena zoona, ambiri mwa maulendo amenewa sakanakhalapo ndikanapita tsiku loyamba kukayika ndekha n'kumuonetsa munthu pamunda pake pomwepo.

Ndaganiza chonchi. Pakhala mitengo iwiri yolembedwa pachikwangwani, aliyense aziona. Wotsika ndi wa katoni yokha, ndikufotokozera pashopu, ukandiyitana ulendo uliwonse umalipira ndisananyamuke. Wokwera ndi wa pampu, kukayika, kuphunzitsa, ndi maulendo awiri mpaka mvula yoyamba, masipeya apadera. Ndidinditsa timakadi, ulendo uliwonse ndikapita tonse tizisayina. Zobwereketsa ndi zogulitsa madzi ndaziika kaye pambali, mpamba wanga sungakwane. Mng'ono wanga wamaliza Fomu 4, azikhala pashopu ndikatuluka.

Chomwe sindinachipezere yankho ndi achibale ndi akuluakulu a mpingo. Amenewo kadi sigwira ntchito.

Mayi_Saluni_Ntcheu:
Imagwira. Ine alamu anga enieni amalipira. Ndimangoti "mlamu, geni ndi geni, kunyumba mukabwera nsima ndi yaulele". Amadandaula koyamba kenako amazolowera. Mukangomasulira mmodzi mawa mudzi wonse ndi achibale anu.

Gogo_wa_Chigayo:
Ine ndimasiya mnyamata pa sikelo, ine n'kubisala kuseri. Mnyamata alibe mlamu.

Akawunti_wa_paBoma:
Pa mtengo wokwerawo musaiwale mtunda. Wa pafupi ndi msika ndi wa kutali kumapiri asalipire zofanana, apo ayi apafupi azilipirira petulo wa akutali. Gawani madera awiri kapena atatu basi, musachulutse.

Mlimi_Wamba:
Mukanakhala pafupi bwenzi nditagula kwa inu. Funso limodzi, nanga ngati maulendo awiriwo sindinawagwiritse ntchito chifukwa pampu sinavute, ndalama yanga ibwerera?

Sola_wa_Lizulu:
Eeh funso limenelo sindinaliganizire. Mwina ndizipitabe olo isanavute, kukaitsuka ndi kuona mawaya, makamaka kumapeto pokaisunga mvula ikamayamba. Kubweza ndalama ayi madala kkkk

Ejenti_wa_Sola:
Muzipitadi osadikira foni. Ulendo wopita pampu ili bwino ndi umene umagulitsa, aneba amabwera kudzaonerera madzi akutuluka, mumachoka ndi manambala awiri atatu. Ulendo wopita itawonongeka aneba omwewo amamva zoti mapampu anu ndi ovuta.

Kachewere_Boy:
Tiona. Ine ndikuti anthu asankha wotchipa onse.

Sola_wa_Lizulu:
Ndikupatseni ripoti pakuti papita masabata atatu. Ndagulitsa mapampu anayi. Awiri atenga mtengo wokwera, awiri katoni yokha, ndiye a Kachewere_Boy mwapambana theka. Mmodzi wa a katoniwo dzana wayimba, mawu omwe aja, "bwana pampu yanu sikukoka". Ndinamukumbutsa za chikwangwani, ndinati tumizani ya ulendo pa Mpamba ndinyamuke. Anadula foni. Mtima unandigunda ndithu, ndinati basi kasitomala wapita ndipo akandiipitsira mbiri kumudzi konse. Patatha ola limodzi meseji yalowa, watumiza, koma yoperewera K500 ati ya chaji. Ndinapita. Paipi yokokera madzi inali itapindika pansi pa mwala.

Wa_Tsangano:
Nanga mkulu wa mpingo uja?

Sola_wa_Lizulu:
Ameneyo ndamutumizira mng'ono wanga. Wabwerako ndi nzimbe ziwiri ndi kabichi mmodzi.

Dedza_Ziii:
Kkkkkk lembani m'kope, kabichi ndi malipiro

Mpopi_wa_Bembeke:
A Sola ndikufuna pampu yokoka pa chitsime cha mamita 6, dimba lili chokwera pang'ono. Ndilembereni ku inibokisi. Koma Bembeke muyiika dera liti pa mitengo yanu ija, musandiike kumapiri.